Mchenga wa North Rukuru: Ulendo Wochoka ku Karonga Kukafika ku Kayelekera

Mtsinje wa North Rukuru umayambira kumapiri a Nyika, kozizira kuja, n'kutsika mokhotakhota kulowera chakumpoto, kenako n'kukhotera kum'mawa mpaka kukathira m'nyanja ya Malawi pafupi ndi tauni ya Karonga. M'chilimwe madzi ake amachepa n'kusiya mchenga poyera. Apa m'pamene mumaona ngolo za ng'ombe zikutsikira kugombe kukatapa mchenga womangira nyumba, amayi akuchapa, ana akusambira m'maiwe otsala, ndipo m'mbali mwake anthu ali kalikiliki kuthirira madimba. M'dzinja mtsinje womwewu umalusa. Umafiira, umasefukira, ndipo matope ake amakatsala m'minda ya mpunga, nthawi zina mpaka m'makomo mwa anthu.

Mchenga ndi matope amenewa sachokera pomwepa ayi. Ndi miyala ya kumtunda yomwe yakhala ikufumbutuka pang'onopang'ono ndi mvula ndi dzuwa. Kumtundako, pa mtunda wa makilomita pafupifupi 52 kumadzulo kwa Karonga, kuli Kayelekera, mgodi wokhawo wa yureniyamu m'dziko muno. Mtsinje wa Sere, womwe umadutsa pafupi ndi mgodiwo, umathira mu North Rukuru. Ndiye munthu woganiza sangalephere kufunsa: kodi mumchenga umene tikumangira nyumbawu muli chiyani? Nanga ungatidwalitse?

Funsoli silifuna mantha, komanso silifuna mphwayi. Limafuna kuyeza. Tiyeni tiutsatire mtsinjewu chokwera, kuchokera kunyanja mpaka kumapiri, tione zimene umanyamula.

Karonga, boma losunga zakale

Mukachoka ku Mzuzu n'kutsika zikweza za Chiweta, mphepo yozizira imatsala m'mbuyo. Pofika ku Karonga malaya amakhala atamatirira kumsana. Ndi dera lathyathyathya, la mpunga wa Kilombero, nthochi, chinangwa ndi ng'ombe, kwawo kwa Angonde ndi mfumu yawo yaikulu Kyungu. Mukafuna chakudya cha konkuno funsani mbalagha, nthochi zosapsa zophikidwa pamodzi ndi nyama.

Musanakwere galimoto yopita kumapiri, dzerani kaye ku Cultural and Museum Centre Karonga, nyumba yosungiramo zinthu zakale yomwe inatsegulidwa mu 2004. M'menemo mwaima chimphona chotchedwa Malawisaurus, nyama yomwe inkayenda m'dera lino zaka zoposa 100 miliyoni zapitazo. Mulinso mbiri ya chibwano cha munthu wakale chomwe chinapezeka ku Uraha mu 1991, ndipo akatswiri amati chili ndi zaka pafupifupi 2.4 miliyoni.

Mafupa onsewa anasungika chifukwa chimodzi: anakwiririka ndi mchenga ndi matope a mitsinje ndi nyanja zakale, ndipo patapita nthawi matopewo anasanduka miyala. Kumbukirani mfundo imeneyi, chifukwa yureniyamu wa ku Kayelekera naye anasungika m'njira yofananako.

Chinanso choyenera kukumbukira n'chakuti Karonga ali m'chigwa chachikulu chomwe nthaka yake ikung'ambika pang'onopang'ono. Mu December 2009 zivomerezi zingapo zinagwedeza bomali, chachikulu chinafika pa mlingo wa 6.0, ndipo nyumba zambiri zinagwa. Nthaka ya kuno siigona tulo.

Kodi radiation imeneyi n'chiyani?

Ambiri tikamva mawu oti radiation timaganiza za mabomba, kapena mauthenga a pa WhatsApp aja onena kuti tizimitse foni usiku. Tiyambe ndi kusiyanitsa. Foni yanu imatulutsa mafunde a wailesi, omwe alibe mphamvu yothyola tizigawo ta m'maselo a thupi. Radiation imene tikukamba pano ndi ina. Ndi cheza chosaoneka, chosanunkha, chosamveka pakhungu, chomwe chimatuluka pamene maatomu ena osakhazikika akusweka. Cheza chimenechi chikachuluka chimatha kuononga maselo, ndipo patapita zaka zambiri chingayambitse khansa.

Chodabwitsa n'chakuti maatomu oterewa ali paliponse, ndipo akhalapo chiyambire dziko. Mu dothi lililonse, kaya la ku Ntcheu kaya la ku London, muli atatu odziwika: yureniyamu, thorium ndi mtundu wina wa potaziyamu wotchedwa potassium-40. Amasweka mochedwa kwambiri. Kuti theka la yureniyamu liphwasuke pamafunika zaka 4.5 biliyoni, thorium zaka 14 biliyoni, ndipo potassium-40 zaka 1.25 biliyoni. Yureniyamu akamasweka amabala ana ndi zidzukulu. Mmodzi mwa iwo ndi radium, ndipo radium amabala radon, mpweya womwe umatuluka m'nthaka n'kusakanikirana ndi mpweya umene timapuma.

Pali miyeso iwiri yomwe mudzakumane nayo mukamawerenga nkhani zotere. Woyamba ndi becquerel: becquerel imodzi ndiye kuti atomu imodzi ikusweka pa sekondi iliyonse. Wachiwiri ndi millisievert, womwe umayeza cheza chomwe thupi lalandira. Yerekezani moto wa nkhuni. Becquerel akukuuzani kukula kwa motowo. Millisievert akukuuzani kutentha komwe kwakufikani inuyo, malinga ndi momwe munayandikira komanso nthawi imene munakhala mukuwotha.

Komiti ya asayansi ya United Nations yotchedwa UNSCEAR inawerengera kuti dothi wamba padziko lapansi limakhala ndi ma becquerel pafupifupi 35 a yureniyamu, 30 a thorium ndi 400 a potassium-40 pa kilogalamu iliyonse. Lipoti lake la 2008 linati munthu wamba amalandira ma millisievert pafupifupi 2.4 pachaka kuchokera ku chilengedwe chokha, ndipo pafupifupi theka lake limachokera ku radon. Ngakhale thupi lanu lomwe lili ndi ma becquerel pafupifupi 4,000 a potassium-40, ndipo nthochi za mu mbalagha zija nazo zili nawo pang'ono. Musasiye kudya nthochi, chonde. Thupi limadziwa kusunga potaziyamu pa mlingo woyenera n'kutaya wotsalayo.

Choncho funso lenileni si lakuti kodi mumchenga muli radiation. Ilimo, mumchenga wina uliwonse. Funso ndi lakuti ilimo yochuluka bwanji, ndipo ikulowa m'thupi kudzera njira iti.

Msewu wa ku Chitipa

Pa raundabauti ya Karonga mumakhotera kumadzulo, kutsata msewu wa tara wopita ku Chitipa. Ndinadutsa msewuwu mu October, nyenje zikulira m'mitengo ngati zalipidwa. Poyamba mumadutsa minda ndi midzi ya m'chigwa, kenako msewu umayamba kukwera ndi kukhota, nthochi zimachepa, ndipo mitengo ya m'thengo imatenga malo. M'malo momwe omanga msewu anadula phiri mumaona miyala yoyalana ngati mabuku osanjikiza, ina yofiirira, ina yotuwa. Makwawa ambiri amakhala ouma, koma mchenga wa pansi pake umaonetsa kuti mvula ikagwa madzi amadutsa mwaukali.

Miyala yoyalanayo ndi yomwe akatswiri amaitcha Karoo, ndipo ina mwa iyo ili ndi zaka zoposa 250 miliyoni. Ndi momwenso mumachokera malasha a m'boma la Karonga. Kalekalelo kuno kunali mitsinje ina yomwe inkataya mchenga, matope ndi zinyalala za zomera. Yureniyamu ali ndi khalidwe lakelake: amasungunuka m'madzi okhala ndi okosijeni, koma akafika pamalo pamene zomera zowola zamaliza okosijeniyo, amatsika n'kumatirira pomwepo. Madzi a pansi pa nthaka anakhala akubweretsa yureniyamu pang'onopang'ono kuchokera m'miyala yozungulira n'kumamusiya mumchenga wokwiririkawo, mpaka anachuluka moti n'kukumbidwa. Kunena mwachidule, mgodi wa Kayelekera ndi mchenga wa mitsinje yakale.

Bungwe la zamagetsi la ku Britain lotchedwa Central Electricity Generating Board ndi lomwe linafufuza malowa m'zaka za m'ma 1980, koma linawasiya osakumba. Kampani ya ku Australia ya Paladin inasainirana pangano ndi boma mu 2007, ndipo Pulezidenti Bingu wa Mutharika anatsegulira mgodiwu mu April 2009. Pofika 2014 unali utatulutsa matani pafupifupi 5,000 a ufa wa yureniyamu wotchedwa yellowcake. Koma ngozi ya ku Fukushima ku Japan mu March 2011 inagwetsa mitengo, kuchoka pa madola pafupifupi 70 pa paundi kufika pafupifupi 35 kumayambiriro kwa 2014, ndipo chaka chomwecho mgodi unaimitsidwa. Mu 2020 unagulidwa ndi kampani ina ya ku Australia, Lotus Resources, yomwe ili ndi magawo 85 pa 100 aliwonse pomwe boma la Malawi lili ndi 15. Mu 2025 ntchito yotulutsa yureniyamu inayambanso.

Mgodi si malo okaonako zinthu ngati ku Nyika. Pali mpanda ndi geti, ndipo simungalowe popanda chilolezo. Koma midzi ili pafupi, minda ili pafupi, ndipo mitsinje ilibe geti.

Mtsinje umasankha zonyamula

Mukaima pagombe la mtsinje uliwonse m'chilimwe, yang'anitsitsani mchenga. Mudzaona kuti si wamtundu umodzi. Pena pali nsangalabwi, pena mchenga woyera, pena timizere takuda, ndipo pamalo podekha pali thope lomata. Mtsinje umapeta ngati mayi ndi lichero. Zolemera zimatsala pamalo pomwe madzi afooka, monga mkati mwa khona kapena kuseri kwa mwala. Zopepuka zimapita kutali n'kukadikha m'maiwe, m'madambo ndi m'minda yomwe yasefukira.

Kupetaku n'kofunika pa nkhani yathu. Timiyala tina tolemera, monga monazite ndi zircon, timakhala ndi thorium ndi yureniyamu mkati mwake, ndipo timakonda kuunjikana limodzi ndi mchenga wakuda uja. Sikuti mchenga wakuda uliwonse ndi woopsa, chifukwa wambiri umangokhala wachitsulo. Koma pomwe pali monazite wambiri, makina oyezera amalira kwambiri kuposa pamtunda pafupi pomwepo. Thope nalo lili ndi ntchito yake. Yureniyamu wosungunuka m'madzi amakonda kumatirira ku dongo ndi ku zomera zowola. N'chifukwa chake madzi amatha kuyezedwa lero n'kupezeka kuti ali bwino, pomwe thope la pansi pake lasunga zimene zinadutsa miyezi kapena zaka zapitazo.

Akuluakulu anati madzi saiwala khwawa. Ofufuza miyala amadziwanso kuti khwawa siliiwala madzi. Akafuna kudziwa zomwe zili m'phiri sayamba ndi kukumba phiri lonse. Amatapa thope ndi mchenga m'makwawa otsika m'phirimo, amaumitsa, amasefa, n'kukayeza ku labotale ndi makina omwe amazindikira cheza cha atomu iliyonse payokha. Kathumba kamodzi ka thope kamafotokoza za dera lonse lomwe madzi ake amadutsa pamenepo. Njira ina ndi ya mumlengalenga. Amene mukukumbukira kandege ka Kauniuni, komwe kankauluka motsika m'dziko lonse lino ndipo zotsatira zake zinatulutsidwa mu 2015, dziwani kuti mwa zina kankayeza cheza cha yureniyamu, thorium ndi potaziyamu chochokera m'nthaka. Mapu ake ali ku Geological Survey Department ku Zomba.

Apa pali mfundo yomwe imasokoneza anthu ambiri. Kumalo ngati Kayelekera, makwawa ankadutsa pa miyala ya yureniyamu mgodi usanabwere n'komwe. Ndiye kupeza yureniyamu m'thope la kumeneko sikutanthauza msangamsanga kuti mgodi wataya zoipa. Komanso mgodi umasintha zinthu. Mwala womwe unali pansi wosakhudzidwa umakumbidwa, kuphwanyidwa n'kuperedwa ngati ufa. Pa tani imodzi ya mwala, yureniyamu wotuluka amangokhala pafupifupi kilogalamu imodzi. Zotsalazo, zomwe zimasungidwa m'damu la zinyalala, zimakhalabe ndi gawo lalikulu la radiation ya mwalawo, chifukwa radium ndi anzake satengedwa. Theka la radium limatha pakapita zaka 1,600. Damu limenelo liyenera kupirira mvula ndi zivomerezi kwa nthawi yaitali kuposa moyo wa kampani ina iliyonse, ngakhale wa boma lina lililonse.

Mkangano wa madzi a Sere

Nkhani ya mtsinjewu inafika m'manyuzipepala kumapeto kwa 2014, pamene zinamveka kuti mgodi, womwe unali utaimitsidwa, ukufuna kutsuka madzi a mvula omwe ankadzaza m'madamu ake n'kuwathira mu Sere. Kampani inati madziwo adzatsukidwa kufika pa mlingo wovomerezeka, ndipo kutero n'kwabwino kusiyana ndi kudikira kuti madamu asefukire okha. Mabungwe omwe si aboma komanso anthu ambiri a ku Karonga anakana, poopa kuti zoipa zifika m'nyanja. Boma linapereka chilolezo ndipo madzi otsukidwawo anayamba kuthiridwa mu 2015.

Labotale ina yoima payokha ya ku France, CRIIRAD, inali itayendera derali mu 2012, ndipo inanena kuti m'kamtsinje kena kothira mu Sere inapeza yureniyamu woposa mlingo womwe bungwe la zaumoyo padziko lonse, WHO, limalangiza pa madzi akumwa. Kenako mu 2016 bungwe la Human Rights Watch linatulutsa lipoti lokhudza migodi ya m'boma la Karonga. Chimodzi mwa zinthu zazikulu zomwe linapeza chinali chakuti anthu okhala pafupi ndi migodi sankauzidwa zotsatira za kuyeza madzi, ndipo ankangokhala ndi nkhawa osadziwa chomwe akumwa.

Apa m'pamene pagona nkhani. Mbali ina ikati madzi ali bwino, ina ikati ndi poizoni, mayi amene akutunga madzi m'mawa uliwonse amvere ndani? Chomwe chingathetse mkangano wotere ndi manambala: thope la kumtunda kwa mgodi ndi la kumunsi, la m'chilimwe ndi la m'dzinja, la chaka chino poyerekeza ndi la mgodi usanayambe. Manambala akabisika, mphekesera zimalowa m'malo mwake. Mwana akabadwa ndi chilema kapena nsomba zikafa m'nyanja, aliyense amaloza kuphiri, kaya n'zoona kaya ayi. Mphekesera zoterozo zimapwetekanso mlimi wa mpunga ndi msodzi, omwe malonda awo angathe kusalidwa popanda umboni.

Nanga chiopsezo chili pati kwenikweni?

Tinene mosabisa: kuyenda pamchenga wa mumtsinje, kuwoloka kapena kukhala pagombe masana amodzi si nkhani yodetsa nkhawa. Radiation yachilengedwe siwotcha khungu, siithothola tsitsi, ndipo munthu sagwa nayo pomwepo. Vuto lake, likakhalapo, limabwera ndi zaka, kudzera njira zinayi.

Yoyamba ndi nyumba. Mchenga ukalowa mu pulasitala ndi mu konkire, ndipo dothi likaumbidwa njerwa, mumagona nazo usiku uliwonse kwa zaka makumi. N'chifukwa chake ofufuza akayeza mchenga wa mumtsinje amaphatikiza radium, thorium ndi potaziyamu kukhala nambala imodzi. Ikakhala pansi pa ma becquerel 370 pa kilogalamu, amati mchengawo ndi woyenera kumangira. Mchenga wa m'mitsinje yambiri padziko umakhala pansi pa mlingowu.

Yachiwiri ndi radon. Panja mpweyawu umamwazika ndi mphepo, koma m'chipinda chotsekedwa umaunjikana. WHO imati radon ndi wachiwiri kwa fodya poyambitsa khansa ya m'mapapo, ndipo amachititsa pakati pa 3 ndi 14 mwa odwala 100 aliwonse a khansayi, malinga ndi dziko. Amene amasuta ali pachiopsezo chachikulu zedi kuposa osasuta. Bungweli limalangiza kuti m'nyumba radon asapose ma becquerel 100 pa cubic metre, ndipo zikavuta asapose 300. Mankhwala ake ndi otchipa: mazenera otsegula, timabowo tolowetsa mpweya tosatsekedwa ndi nsanza, komanso kumata ming'alu ya pansi.

Yachitatu ndi madzi akumwa. Apa yureniyamu amavulaza kwambiri monga chitsulo cha poizoni kusiyana ndi monga cheza, ndipo chiwalo chomwe chimavutika ndi impso. Mlingo wa WHO ndi ma microgram 30 pa lita. Kuwiritsa madzi kapena kuthira klorini kumapha tizilombo, koma sikuchotsa yureniyamu. Komabe musathawe mjigo n'kukatunga pachithaphwi chifukwa cha mphekesera. Kolera ya 2022 ndi 2023 inapha anthu oposa 1,700 m'dziko muno, ndipo kolera sidikira zaka 20. Mjigo wokayikitsa umafunika kuyezedwa.

Yachinayi ndi fumbi ndi dothi lolowa m'kamwa kapena m'mphuno. Izi zimakhudza kwambiri ogwira ntchito mumgodi, omwe malamulo a padziko lonse amati asalandire ma millisievert oposa 20 pachaka mukawerengera pa zaka zisanu, pomwe anthu wamba asalandire oposa 1 pachaka owonjezera pa achilengedwe aja. Zimakhudzanso ana osewera m'thope louma, ndi amayi oyembekezera omwe amalakalaka kudya dothi. Chilakolako chimenechi nthawi zambiri chimayendera limodzi ndi kuchepa kwa magazi, ndipo ndi bwino kuchitchula kusikelo.

Zomwe ena anaona kale

Malo atatu akunja angatithandize kuika zinthu pa sikelo.

Ku Kerala, kum'mwera kwa India, kuli magombe a mchenga wakuda wodzaza monazite, ndipo anthu akhala pamenepo mibadwo ndi mibadwo akulandira cheza choposa cha anthu ambiri padziko. Asayansi anatsatira anthu pafupifupi 70,000 a m'dera la Karunagappally kwa zaka zoposa 10, ndipo zotsatira zomwe zinatuluka mu 2009 sizinaonetse kuti khansa yachuluka chifukwa cha chezacho. Izi zikutiuza kuti makina akalira kwambiri sindiye kuti mudzi watha.

Ku South Africa nkhani ndi ina. Kumadzulo kwa Johannesburg, kumigodi ya golide komwe agogo athu ambiri anapita pa Wenela, kuli mtsinje wa Wonderfonteinspruit. Miyala ya golide ya kumeneko ili ndi yureniyamu, ndipo kwa zaka zambiri zotsalira za migodi zakhala zikulowa mumtsinjewo. Kafukufuku wa Water Research Commission yemwe anatuluka mu 2006 anapeza kuti matope a m'madamu ndi m'madambo ake asunga yureniyamu wochuluka kwambiri kuposa wachilengedwe. Thope lotero likauma n'kuuluka, kapena ng'ombe zikalivundula pomwa madzi, zomwe linasunga zimayambanso kuyenda.

Ku Grand Junction, m'chigawo cha Colorado ku America, zotsalira za fakitale ya yureniyamu zinkaoneka ngati mchenga wabwino wosefa kale. M'zaka za m'ma 1950 ndi 1960 omanga ankazitenga kwaulere n'kumathira pansi pa nyumba, masukulu ndi misewu. Pambuyo pake boma linawononga ndalama zankhaninkhani kukonza malo oposa 4,000. Phunziro lake ndi losavuta: mchenga, miyala kapena zitsulo zochokera mkati mwa mpanda wa mgodi wa yureniyamu si zomangira nyumba, ngakhale atakupatsani ulere.

Mafunso oyenera kufunsa

Pobwerera ku Karonga msewu umatsika limodzi ndi madzi, ndipo mumaona bwino kuchuluka kwa anthu amene moyo wawo wamangika pa mtsinje umodziwu: alimi, oweta ng'ombe, oumba njerwa, otapa mchenga, asodzi a kumathiriro. Palinso achinyamata omwe akuyembekezera ntchito kumgodi, ndipo dziko likufuna ndalama zakunja. Onsewa ali ndi mfundo, ndipo palibe amene amapindula pamene zotsatira za kuyeza zatsekeredwa m'kabati.

Malamulo alipo kale. Lamulo la Atomic Energy Act la 2011 linakhazikitsa Atomic Energy Regulatory Authority, bungwe loyang'anira za radiation. Pali Malawi Environment Protection Authority yoona za chilengedwe, ndi National Water Resources Authority yoona za madzi. Ndipo kuyambira September 2020 lamulo la Access to Information likugwira ntchito, kutanthauza kuti nzika ili ndi ufulu wolemba kalata kupempha uthenga womwe ofesi ya boma ikusunga. Safunsa anadya phula. Ngati kwanu ndi ku Karonga, kapena muli ndi abale kumeneko, mafunso ake ndi awa. Kodi madzi ndi thope la Sere ndi North Rukuru zimayezedwa kangati pachaka, ndipo amayeza ndani? Kodi pali woyeza wina woima payekha kupatula kampani? Kodi manambala a lero akusiyana bwanji ndi a mgodi usanayambe? Kodi mijigo ya m'midzi yoyandikana ndi mgodi inayezedwa liti? Nanga mgodi ukadzatsekedwa, ndalama zosamalira damu la zinyalala zili kuti? Mayankho ake ayenera kumveka pa Tuntufye FM ndi Radio Dinosaur, m'Kyangonde ndi m'Chitumbuka, osati m'malipoti a Chingerezi okha.

Musadalire ma app a pafoni omwe amati amayeza radiation. Sangakuuzeni zoona pa milingo yochepa ngati imeneyi, ndipo sikirinishoti imodzi yolakwika ingathe kugwetsa msika wa mpunga wa mudzi wonse.

Nkhaniyi si ya ku Karonga kokha. Ku Kanyika m'boma la Mzimba kuli miyala ya niobium yomwe ili ndi yureniyamu pang'ono. Ku Kangankunde ku Balaka kuli monazite. Ku Songwe Hill ku Phalombe kuli miyala ina yosowa yomwe mayiko akuilimbirana, ndipo ku Makanjira ku Mangochi ndi ku Chipoka ku Salima kuli mchenga wolemera wa m'mbali mwa nyanja. Malo aliwonse ali ndi milingo yakeyake, ndipo ena ndi yochepa ndithu. Koma konseko kuli makwawa otsikira kumidzi, ndipo nthawi yabwino yotapa kathumba ka thope n'kukayeza ndi makina okumba asanafike. Manambala a tsiku limenelo ndi omwe ana a m'mudzimo adzagwiritse ntchito zaka 30 zikubwerazi, akadzafuna kudziwa ngati mtsinje wawo unasintha.